Mudzi Wathu pa Mapu

Ife a kumudzi sitifunsa njira kwa pepala. Mlendo akaima pamphambano nafunsa kwa abusa kapena ku chipatala, timamuuza kuti atsate msewu kufikira pa mtengo wa mkuyu, akhotere kumanzere pa chigayo, awoloke kamtsinje, ndipo akaona manda ku dzanja lamanja adziwe kuti wayandikira. Njira yolozera imeneyi yatitumikira kuyambira nthawi ya makolo athu, ndipo ndi yabwino ndithu, pakuti safunsa adadya phula. Koma ili ndi chilema chake. Imathandiza munthu amene wafika kale pafupi, ndiponso imafuna kuti mkuyu uja ukhale usanadulidwe. Munthu amene ali mu ofesi ku Lilongwe, amene ntchito yake ndi kugawa mijigo, mankhwala kapena chimanga cha thandizo, sangabwere kudzaima pamphambano pathu kuti atifunse. Iye amayang'ana pa mapu, ndipo masiku ano mapu akewo ali m'kompyuta. Mudzi umene suli mmenemo, kwa iye kulibe.

Poona zimenezi, ife aphunzitsi angapo a ku pulayimale, amene enafe tilinso akulu a mpingo, tidapangana kuti pa tchuthi chachikulu tiphunzireko luso lojambula mapu pa kompyuta. Wotiphunzitsa adali mtsikana wa mumpingo mwathu momwe, amene ena mwa ife tidamugwira dzanja polemba a, e, i, o, u, koma tsopano adabwera kuchokera ku sukulu ya ukachenjede ndi laputopu m'chikwama. Tifuna kufotokozera makolo anzathu pamodzi ndi achinyamata zimene tidaona, pakuti makolo ambiri akaona mwana ali duu pa kompyuta amayesa kuti akungosewera, ndipo achinyamata ambiri nawonso amayesa kuti chilichonse chotuluka m'kompyuta ndi choona. Onse awiriwa akufunika kumva nkhaniyi.

Amene tidaphunzira pulayimale m'zaka za m'ma 1970 ndi 1980 tikukumbukira mmene mapu ankajambulidwira. Tinkapaka pepala kadontho ka palafini kuti lionekere, n'kulisanjika pa buku la aphunzitsi, kenaka n'kumatsata m'mphepete ndi pensulo: nyanja kuvuma, mchira wa Nsanje kummwera, ndi mutu wa Chitipa kumpoto. Pabwalo la sukulu pankakhala mapu adothi, pamene phiri la Mulanje lidali chulu chaching'ono, ndipo mphunzitsi ankatiloweza kuti nsonga ya Sapitwa ndi yotalika mamita 3,002. Mapu amenewo tidawakonda, koma adali chithunzi chouma. Ukajambula, watha. Sukadatha kuwafunsa funso lina loposa limene wojambula adaliganizira.

Chinthu choyamba chimene mwana wathuyo adatiuza chidatidabwitsa: mapu a pa kompyuta si chithunzi kwenikweni, koma ndi kaundula. Mlembi aliyense wa mpingo amadziwa kaundula: dzina la Mkhristu, mlaga wake, chaka chimene adabatizidwa, zonse m'mizere yake. Tsono ganizirani kaundula wa mijigo, mmene mjigo uliwonse uli ndi mzere wake wonena dzina la mudzi, chaka chimene udakumbidwa, ngati ukutulutsa madzi kapena udafa, ndipo pamapeto pake pali manambala awiri onena malo enieni pamene mjigowo uli pa dziko lapansi. Kompyuta imawerenga manambala awiriwo n'kuika kadontho pamalo pake. Mukaiuza kuti ionetse mijigo yakufa yokha, madontho ena onse amazimirira. Mukakonza mzere umodzi m'kaundula, mapu nawo amasintha pompo.

Zinthu zonse za pa mapu otere zimalembedwa m'njira zitatu zokha. Zina ndi madontho, monga mjigo, tchalitchi kapena chigayo. Zina ndi mizere, monga msewu ndi mtsinje. Zina ndi zigawo zotsekeka, monga munda, dambo kapena boma lonse la Dedza. Mtundu uliwonse wa zinthu umakhala pa tsamba lakelake, ndipo masambawo amasanjikizana, monga mmene mukadasanjikira mapepala athu a palafini aja: la mitsinje pansi, la misewu pamwamba pake, la masukulu pamwamba pa onsewo. Mphamvu yonse ya lusoli yagona pa kusanjikizaku, pakuti pamenepo m'pamene munthu amaona kuti sukulu iyi ili tsidya lino la mtsinje, ana ake ambiri ali tsidya linalo, ndipo mlatho uli kutali. Luso limeneli amalitcha mwachidule kuti GIS. Amene adaliyamba ndi Roger Tomlinson, m'zaka za m'ma 1960, pamene boma la Canada lidafuna kudziwa bwino malo ake olima ndi nkhalango zake, ndipo lidaona kuti kuwerengera zimenezi pa mapu a pepala kukadatha zaka zambirimbiri. Pa nthawiyo kompyuta imodzi inkadzaza chipinda. Lero pulogalamu imene ife tidagwiritsa ntchito, yotchedwa QGIS, imene idayamba mu 2002, munthu aliyense angaitenge pa intaneti osalipira kanthu, ndipo imayenda ngakhale pa laputopu yakale.

Manambala awiri aja amachokera kumwamba. Kutali, pafupifupi makilomita 20,000 pamwamba pathu, kukuzungulira masetilaiti a GPS amene amatumiza uthenga wa nthawi kosalekeza, ndipo foni ya m'manja ikamva anayi mwa iwo imatha kuwerengera pamene yaima. Nambala yoyamba imanena kutalika kwa malo kuchokera pa mzere wa pakati pa dziko lapansi, ndipo yachiwiri imanena kutalika kwake kuvuma kapena kuzambwe kwa mzere wodutsa pa Greenwich ku London. Dziko lathu lagona pakati pa madigiri 9 ndi 17 kummwera, ndipo Lilongwe ali pafupi ndi digiri 14. Popeza tili kummwera, nambala yathu yoyamba imalembedwa ndi kamzere kochotsera patsogolo pake. Pofuna kutionetsa kufunika kwa kamzereko, mphunzitsi wathu adakafufuta dala, ndipo tchalitchi chathu chidauluka n'kukatera ku Sudan. Tidaseka, koma phunziro lidalowa. Tidakumbukiranso kuti David Livingstone, amene adafika pa nyanja yathu mu Sepitembala 1859, ankapeza manambala omwewa poyeza dzuwa ndi nyenyezi ndi kuwerengera masamu pa pepala. Chimene iye ankachivutikira usiku, mwana wa Sitandade 7 amachipeza lero pa mphindi imodzi.

Komabe tisafulumire kutama makina. Kompyuta imationetsa chithunzi cha mudzi wathu chojambulidwa kuchokera kumwamba, ndipo tsiku loyamba aliyense adathamangira kufuna denga la nyumba yake. Koma chithunzicho sichidziwa dzina la kamtsinje. Sichidziwa kuti mjigo umene ukuoneka bwinobwino udafa chaka chatha, kapena kuti kanjira koonekako kamadzadza madzi mu Febuluwale. Ndipo pali china chimene chidatikhudza koposa. Nyumba ya malata imawala pa chithunzi, moti ngakhale wa maso ofooka amaiona. Nyumba ya udzu imafanana ndi dothi loizungulira, ndipo ikakhala pansi pa mtengo wa mango siioneka n'komwe. Kotero munthu wojambula mapu ali kutali, ngakhale akhale wa mtima wabwino chotani, amaona msanga nyumba za opeza bwino, ndipo zimene angaziphonye ndi za amasiye ndi nkhalamba, anthu omwe aja amene thandizo liyenera kuyambira kwa iwo. Mankhwala ake ndi amodzi okha, ndiwo kuyenda ndi mapazi.

Owerenga Mawu a Mulungu akumbukira nkhani ya pa Yoswa 18. Mafuko asanu ndi awiri adali asanalandire cholowa chawo, ndipo Yoswa sadagawe dzikolo mongoganizira ali khale ku Silo. Adatuma amuna atatu a fuko lililonse kuti akayende m'dzikomo, akalilembe m'buku mudzi ndi mudzi m'magawo asanu ndi awiri, ndipo atabwerako ndi pamene maere adachitidwa. Ifenso tidachita chimodzimodzi. Tidagawana milaga, ndipo gulu lililonse lidakhala ndi wachinyamata wonyamula foni ndi munthu wachikulire wodziwa malo. Wachinyamata ankadina, wachikulire ankatchula dzina ndi mbiri yake. Amayi a Chigwirizano ndiwo adatithandiza koposa pa nkhani ya madzi, pakuti amene amasenza ndowa ndiye amadziwa chitsime chouma mu Okutobala ndi mjigo wa madzi a mchere. Bambo mukamufunsa za mjigo amangoti ulipo.

Pa nkhani ya kuyenda ndi mapazi pali mbiri imodzi imene aliyense wophunzira lusoli amauzidwa, ndipo ife tidaikonda chifukwa muli mtumiki wa Mulungu. Kumapeto kwa Ogasiti 1854 matenda a kolera adabuka m'dera la Soho mumzinda wa London, ndipo pa masiku khumi okha anthu oposa 500 adamwalira. Madokotala ambiri a nthawiyo ankakhulupirira kuti nthendayi imayenda ndi mpweya wonunkha. Dokotala wina, John Snow, ankakayikira madzi. Adatenga maina a omwalira ndi nyumba zawo, ndipo adapeza kuti imfa zidaunjikana mozungulira mjigo umodzi wa pa msewu wa Broad Street. Adakauza akuluakulu a deralo, ndipo pa 8 Sepitembala adachotsa chogwirira cha mjigowo. Pambuyo pake Snow adasindikiza mapu amene imfa iliyonse idali kamzere kakuda pa khomo la nyumba yake, ndipo mapu amenewo akuphunzitsidwabe mpaka lero, pakuti munthu akangowayang'ana amaona yekha pamene pali gwero.

Koma mapu okha sadathe kutsutsa okayika. Padali malo ena pafupi ndi mjigowo pamene anthu sadafe, ndi malo ena akutali pamene munthu adafa. Zimenezi zidamveka pofunsa khomo ndi khomo. Nyumba yosungiramo osauka, mmene mudali anthu oposa 500, idali ndi chitsime chakechake, ndipo mudamwalira anthu asanu okha. Mayi wina wamasiye wa ku Hampstead, kutali ndithu, ankatumiza botolo kuti amutungire madzi a pa Broad Street chifukwa ankakonda kukoma kwake, ndipo adamwalira. Tsono mbusa wachinyamata wa mpingo wa Anglican m'deralo, Henry Whitehead, poyamba sadakhulupirire Snow, ndipo adayamba kufufuza kuti amutsutse. Popeza ankadziwa nkhosa zake ndi maina, ankatha kulowa m'nyumba zimene dokotala sakadalowamo, ndi kulondola mabanja amene adathawa. Zimene adapeza zidamutembenuza mtima. Ndiye amene adatulukira kuti khanda lina la pa nyumba ya nambala 40 lidadwala mliri usanabuke, ndipo madzi ochapira matewera ake ankatayidwa m'dzenje limene lidali pafupi kwambiri ndi chitsime cha mjigowo. Dokotala adali ndi mapu, mbusa adali ndi makomo otseguka. Ife amene tidaona kolera wa 2022 ndi 2023, amene adapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, sitingawerenge mbiri imeneyi ngati nthano ya kutali.

Titasonkhanitsa zathu zonse, mapu a mpingo wathu adationetsa chinthu chimene aliyense ankadziwa mbali yake koma palibe adachionapo chathunthu. Aphunzitsi ankadziwa kuti ana a midzi ina amajomba kwambiri nyengo ya mvula. Atumiki ankadziwa kuti Akhristu a mlaga wina amasowa pa Mgonero nyengo yomweyo, ndipo padali ena amene ankawanena kuti ndi ofooka. Amayi ankadziwa kuti kumeneko mjigo udafa. Titasanjikiza masamba atatuwa pamwamba pa tsamba la mitsinje, zonse zidagwera pa chigawo chimodzi, kutsidya kwa mtsinje wopanda mlatho. Mphunzitsi wathu adajambula mzere wozungulira sukulu pa mtunda wa makilomita atatu, ndipo midziyo idali mkati mwake, kuoneka ngati ili pafupi. Kenaka adayeza motsata njira imene mwana amayenda madzi akadzadza, kuzungulira kukafika pa mlatho wa pa msewu waukulu, ndipo mtundawo udakula kwambiri. Mzere wozungulira uja ndi wa khwangwala, amene sawoloka mtsinje. Mapu amenewo tidawasindikiza pa pepala lalikulu, ndipo tsopano akulu a mpingo ndi mafumu ali ndi choonetsa pokapempha mlatho.

Tsopano tifike pa mbali imene tikufuna achinyamata aimvetse bwino, ndiyo ya mitundu. Mapu ambiri amene timaona m'nyuzipepala ndi pa foni amapaka maboma athu 28 mitundu yosiyana, yakuda pamene pali zambiri, yoyera pamene pali zochepa. Mphunzitsi wathu adatenga chiwerengero cha kalembera wa 2018, amene adapeza anthu 17,563,749 m'dziko muno, ndipo adatijambulira mapu awiri. Oyamba adaonetsa kuchuluka kwa anthu m'boma lililonse. Mzimba, wokhala ndi anthu oposa 900,000, adada bii, ndipo Likoma, wa anthu pafupifupi 14,500, adayera mbee. Achiwiri adaonetsa anthu okhala pa sikweya kilomita imodzi. Pamenepo zinthu zidatembenuka. Likoma, amene malo ake onse ndi pafupifupi masikweya kilomita 20, adada bii, pakuti pa sikweya kilomita iliyonse pali anthu pafupifupi 700, ndipo Mzimba, boma lalikulu koposa onse, adayera chifukwa safika ngakhale 100. Manambala ndi omwewo, kalembera ndi yemweyo, palibe amene wanama, koma mapu awiriwo akunena zinthu ziwiri zosiyana. Wofuna kudziwa kumene kukufunika mabuku ambiri a sukulu ayang'ane oyamba. Wofuna kudziwa kumene malo olima apanikizika ayang'ane achiwiri. Wosakaniza ziwirizi asocheretsa anthu.

Adationetsanso kuti wojambula ndiye amasankha pamene mtundu wina uthere ndi pamene wina uyambire, monga mmene mphunzitsi angasankhire kuti kukhoza mayeso kuyambire pa 40 kapena pa 50. Mukasuntha malirewo pang'ono, boma limene lidali lofiira limasanduka lachikasu, ndipo woyang'ana amapuma kuti kumeneko kulibe vuto. Mtundu wofiira pawokha umaopseza, ngakhale chimene ukuonetsa chili chabwino. Ndipo pali anthu ena, makamaka amuna, amene maso awo sasiyanitsa chofiira ndi chobiriwira, kotero mapu opakidwa mitundu iwiriyi kwa iwo ndi osalankhula. N'chifukwa chake mapu aliwonse oyenera ayenera kukhala ndi mutu wonena chimene akuonetsa, kabokosi kotanthauzira mitundu kamene m'kalasi timakatcha kiyi, muyeso wa mtunda, chaka cha manambala ake, ndi kumene manambalawo achokera. Mapu osowa zimenezi, ngakhale akongole chotani, ali ngati kalata yopanda dzina la wolemba, ndipo ife timalangiza kuti musawatumize kwa ena. Lamulo lachisanu ndi chinayi, loletsa umboni wonama, timaliphunzitsa m'kalasi ngati lokhudza pakamwa pokha. Ife taona kuti munthu angathe kulilakwira ndi utoto, osanena bodza ngakhale limodzi.

Ngakhale mapu a dziko lonse amene apachikidwa m'makalasi mwathu ali ndi nkhani yofanana. Dziko lapansi ndi lobulungira ngati lalanje, ndipo khungu la lalanje silingayalidwe pa tebulo osang'ambika kapena kukokedwa. Mapu amene tidazolowera adachokera kwa Gerardus Mercator mu 1569, amene adawakonzera oyendetsa zombo kuti asasochere pa nyanja, ndipo pa ntchito imeneyo adali abwino zedi. Koma amatupitsa maiko akutali ndi mzere wa pakati, moti chilumba cha Greenland chimaoneka chofanana ndi Africa, pamene Africa ndi wamkulu kuposa Greenland ka 14. Pa kompyuta munthu amasintha kayalidwe kameneka pongodina kawiri, ndipo tidaona Africa akufutukuka pamaso pathu. Mibadwo ingati ya ana athu yakula ikuyesa kuti kontinenti yawo ndi yaing'ono?

Palinso nkhani ya maina. Mapu akale a dziko lino adali ndi Port Herald, Fort Johnston, Fort Manning ndi Fort Hill, pamene eni ake ankadziwa Nsanje, Mangochi, Mchinji ndi Chitipa. Wogwira cholembera ndiye ankatcha dzina. Lero cholemberacho chili poyera. Pali mapu a dziko lonse otchedwa OpenStreetMap, amene adayamba ku Britain mu 2004, amene munthu aliyense angalembemo msewu, mlatho kapena sukulu ya kwawo, ndipo aliyense angawagwiritse ntchito mwaulere. Chivomezi chitagwedeza Haiti mu Januwale 2010, anthu ongodzipereka a m'maiko ambiri adajambula misewu ya mzinda wa Port-au-Prince pa masiku ochepa, ndipo opulumutsa anthu adayendera mapu amenewo. Zoterezi zidachitikanso mu 2019 namondwe wa Idai atasakaza ku Mozambique, Zimbabwe ndi kuno kwathu. Tiwayamika anthu amenewo. Koma wojambula ali ku Ulaya sangadziwe kalembedwe ka dzina la mudzi wathu, ndipo kujambula tsoka litagwa kale kuli ngati kusoka mphasa mlendo atafika. Mu Malichi 2023 namondwe wa Freddy adapha anthu oposa 1,000 m'dziko muno, ndipo ambiri adakokoloka ndi matope otsika m'phiri la Soche kugwera ku Chilobwe, enanso ku Mulanje ndi Phalombe. Mizere yoonetsa kukwera kwa malo pa mapu ili ngati akalozera a m'munda: ikathithikana, ndiye kuti malowo ndi otsetsereka kwambiri. Wachinyamata wodziwa kusanjikiza mizere imeneyi ndi tsamba la nyumba angathe kuonetsa mfumu yake makomo amene ali panjira ya madzi mvula isanagwe.

Luso lililonse lakuthwa limacheka mbali ziwiri, ndipo pano tiyenera kuchenjeza. Chiyambire lamulo la malo a makolo la 2016, limene limalola mabanja kulembetsa minda yawo, malire ayamba kusamuka kuchoka pa mitengo ya nkhadze ndi zulu kupita m'manambala a m'kompyuta. Izi zingateteze mayi wamasiye kwa achibale olanda. Zingathenso kumulanda munda kotheratu, ngati pa tsiku loyeza iye sadaitanidwe ndipo wonyamula makina adayenda motsata chala cha mnansi wadyera. Malemba amadzudzula kangapo konse munthu wosuntha malire a mnzake, makamaka a ana amasiye. Kale wosuntha malire ankafunika khasu ndi mdima. Lero akufunika nambala imodzi yokha yosinthidwa, ndipo pepala lotuluka limaoneka laulemu kotero kuti munthu wosaphunzira amaopa kulitsutsa. Makolo, mukamva kuti kukubwera oyeza malo, pitani nokha, muitane anansi a mbali zonse, ndipo mwana wanu wodziwa kuwerenga mapu aime pafupi nanu.

Pa bwalo la akulu a mpingo tidakambirananso zimene siziyenera kuikidwa poyera. Misewu, milatho, mijigo, masukulu ndi nyumba zopemphereramo tidavomereza kuti zilembedwe pa intaneti. Koma tsamba loonetsa makomo a odwala, a nkhalamba zokhala zokha ndi a ana amasiye, limene limathandiza atumiki poyendera, tidagamula kuti likhale kwa abusa ndi mlembi okha. Chimene chimalondolera woyendera odwala chingalondolerenso mbala. Ena adati tikuopa mthunzi, koma ambiri adaona kuti munthu amene adatitsegulira khomo lake sadatipatse chilolezo choti tilionetse kwa dziko lonse.

Kwa achinyamata ofuna kulowa m'ntchito imeneyi, njira ilipo. Maphunziro ake akupezeka ku yunivesite ya MUST ku Thyolo ndi ya Mzuzu, ndipo mu 2020 kudatsegulidwa ku Lilongwe sukulu ya African Drone and Data Academy, yophunzitsa kuulutsa tindege topanda woyendetsa ndi kukonza mapu kuchokera pa zithunzi zake. Odziwa lusoli amafunika pa ntchito za kalembera, zaumoyo, zaulimi, za nkhalango, za misewu ndi za madzi. Koma musayese kuti mudzathawa masamu. Kugawa, maperesenti ndi muyeso wa mtunda, zomwe zija ena amazijomba mu Sitandade 6, ndizo msana wa ntchito yonseyi, ndipo amene sadziwa kusiyana kwa chiwerengero cha anthu ndi kuthithikana kwawo adzajambula mapu okongola osocheretsa. Makolo nawonso asadandaule kuti alibe ndalama zogulira kompyuta. Ife tidaphunzira anthu angapo pa laputopu imodzi, yotchajidwa ndi sola ya ku sukulu, ndipo theka la ntchito lidachitika ndi kope, pensulo ndi foni yobwereka. Zala zathu zozolowera choko zidachedwa kuzolowera kachipangizo kolozera kaja kamene Azungu adakatcha mbewa, koma kuona maso a nkhono n'kudekha.

Ntchito imene yatitsalira ndi ya maina a timitsinje, madambo ndi timapiri ta m'dera lathu. Ambiri mwa iwo sadalembedwepo pa mapu aliwonse, ndipo amene amawadziwa onse, pamodzi ndi chifukwa chimene adatchulidwira choncho, ndi nkhalamba zowerengeka zimene sizingathenso kuyenda mtunda. Tapangana kuti tikatha kukolola, ana a Sitandade 7 ndi 8 adzapita awiriawiri kukakhala pa khonde la agogo amenewa ndi chithunzi chosindikizidwa cha dera lawo, kuti agogo aziloza ndi kutchula, ana azilemba. Pamene akulu awiri asiyana pa dzina la dambo limodzi, monga zachitika kale pa malo awiri, tidzalemba maina onse awiri, pakuti m'kaundula wa kompyuta muli malo okwanira, ndipo nkhaniyo tidzaitula kwa a nyakwawa.